Anafuna Dzina la Mwamuna

Anabwera Lachitatu la sabata yachiwiri ya Malichi, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya, nditatambalala, masamba ali mulu pambali panga. Sanagogode, chigafa chilibe chitseko. Ndinangomva "Odi!" wa munthu wosadikira kuyankhidwa, kenako nsapato zakuda zinaima pa masamba anga.

"Mukuponda fodya," ndinatero. Amenewa ndiwo mawu oyamba amene ndinawauza apolisi, ndipo sindichita nawo manyazi.

Anali awiri, bambo ndi mayi. Bamboyo anasuntha phazi n'kufunsa ngati mayi wa zisudzo ndine. Ndinavomera. Anati ndikufunika ku ofesi, ndikangoyankha mafunso awiri atatu, dzuwa lisanalowe ndikhala nditabwerako. Ndinapempha kuti ndisambe m'manja, pakuti fodya wamuwisi amasiya utomoni wakuda womata. Anati ku ofesiko madzi aliko. Ndinakwera galimoto ndi manja akudawo, ana anga atatu ali kusukulu, osawatsanzika.

Sinditchula dzina la munthu aliyense muno, ngakhale la siteshoni imene anandisungako. Koma ndinene kaye za ine. Ndine mayi wamasiye, ndimalima fodya ndi chimanga kufupi ndi Chamama. Kwa zaka khumi ndinali m'gulu la zisudzo la kwathu. Tinkachita masewero kutchalitchi, kusukulu, pamsika, ndipo nthawi zina a zaumoyo ankatiitana kukaphunzitsa anthu za kolera. Masewero onsewo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndinkapeka ndine.

Koma ine sindilemba papepala. Kulemba ndimatha, ndinafika fomu 2, kungoti sewero silindibwerera nditagwira cholembera. Limabwera manja akamagwira ntchito. Ndikamasoka fodya, anthu a m'seweromo amayamba kukangana m'mutu mwanga, ine n'kumabwereza mawu awo chapansipansi mpaka atakhazikika. Lamlungu masana tinkakumana pansi pa mtengo wa mango kusukulu, ndipo aliyense ndinkamuphunzitsa mawu ake pakamwa, mmodzimmodzi, ngati momwe timaphunzitsirana nyimbo.

Gulu lathu linali ndi wapampando, bambo amene kale anali mphunzitsi. Anali ndi jekete, ndiponso Chingerezi cholankhulira ndi alendo. Sewero lisanayambe, wolengeza ankati, "Lolembedwa ndi a wapampando athu!" Iwo ankaimirira n'kuwerama pang'ono, ine ndili kuseri kwa nsalu ndikumanga wina duku. Ndinadandaula kamodzi, chaka chachiwiri. Anandiyankha mofatsa kuti, "Mayi, alendo amafuna munthu woti akhale naye pansi. Tonse tikudziwa ntchito yanu." Sindinadandaulenso. Kupusa kumeneko n'kwanga, sindikankhira munthu.

Sewero limene linandimangitsa linali la atsikana a m'maesiteti amene amasiyitsidwa sukulu fodya akakhwima, kuti azikathyola ndi kusoka. Munali bwana mwini esiteti amene amakonda kulankhula pa misonkhano ya sukulu za ubwino wa maphunziro. Sindinamupatse dzina la munthu. Ndinangoika kuti asanakhale pampando, amayamba waupukuta ndi kampango koyera. A wapampando ataona zimenezi pokonzekera anangotsokomola. Loweruka limene tinakachita seweroli pamsika, anati ali ndi maliro ku Simlemba, ndipo anauza wolengeza kuti ulendo uno asatchule wolemba.

Mnyamata wathu atangotulutsa kampango kaja, msika wonse unagwa ndi phwete. Wina anakuwa dzina la bwana weniweni wa khalidwe limenelo, ena n'kulandira. Patangopita masiku anayi, nsapato zija zinali pa fodya wanga.

Ku siteshoni anandilanda duku ndi masilipasi, n'kundilowetsa m'chitokosi cha amayi. Munali chidebe pakona ndi kabowo pamwamba kolowetsa kuwala. Ndinapezamo mayi mmodzi wogwidwa ndi kachasu. Tsiku lotsatira abale ake anadzamutenga, ndipo kuyambira pamenepo ndinali ndekha. Madzi osamba m'manja aja sanabwere.

Lachinayi masana ananditengera kwa wofufuza milandu, bambo wa imvi, waulemu, wolankhula motsitsa. Anandipatsa mpando.

"Mayi, mapepala a seweroli ali kuti?"

"Palibe mapepala, bwana."

"Chabwino. Analemba ndani?"

"Ndine."

Anaseka, osati mwachipongwe ayi, koma ngati momwe umasekera mwana akati akufuna kuyendetsa thirakitala. "Mayi, tisatayitsane nthawi. Muja muli ndale, muli nzeru. Ife tikufuna mwamuna amene ali kumbuyo kwanu."

Anandiuza kuti a wapampando anawafunsa kale, ndipo anakanitsitsa. Anati seweroli sakulidziwa, afunsidwe mayi amene amaphunzitsa anyamata. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wa a wapampando athu unalewa bwinobwino. Zaka khumi akuwerama pamaso pa anthu, tsiku loyamba kunena zoona linali limeneli! Vuto linali lakuti apolisi sanawakhulupirire. Ankangosowa mboni.

Wofufuzayo anandikankhira pepala lotayipa kale. Linkati a wapampando ndiwo anandipatsa mapepala a sewero, ine n'kuloweza, n'kuwawotcha. "Sainani apa, lero lomwe mukagona kwanu. Inu tilibe nanu mlandu."

Ndinaliwerenga kawiri. Ndinati, "Ili ndi bodza, bwana."

"Kaganizeni bwino," anatero.

Lamulo limati munthu asasungidwe kupitirira maola 48 asanamutengere kukhoti. Ndinamva pa wailesi, ndipo ndinaliikapo m'sewero lina. Lachisanu ndinamukumbutsa wapolisi wachinyamata amene anabwera ndi pepala lomwe lija. Anandifunsa kuti zamalamulo anandiphunzitsa ndi mwamuna uti. Ndinamuyankha moipa, pakamwa panga sipachedwa. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yaitali. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Pambuyo pake wapolisi wamkazi uja anandibweretsera madzi m'kapu. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Koma mayi inu, mukufuna chiyani kwenikweni? Zisudzo zimenezi mumadya?" Ndinangomwa madziwo pang'onopang'ono, nsagwada zikundipweteka.

Loweruka anabwera achimwene anga, ndi mbatata yophika m'kambale. Aka kanali koyamba kudya chinthu chooneka kuyambira Lachitatu. Anatipatsa mphindi zochepa, wapolisi ataima pomwepo.

"Mlongo, saina," anatero achimwene. "Ana akungolira. Fodya unathyola uja akuwola pansi. Munthu ameneyu wadyera dzina lako zaka khumi, lero wakuponya kumoto, ndiye iwe ukumufera chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tuluka kaye, zinazo tikaona kunja."

"Achimwene, sindikumufera iyeyo ayi."

"Nanga ukufera ndani?"

Ndinafunsa ngati wina wa m'gulu lathu wabwera nawo. Anayang'ana pansi. Anthu khumi ndi awiri amene ndinawaika mawu m'kamwa, palibe ndi mmodzi yemwe anaponda pa siteshonipo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Zimenezi zinandipweteka kuposa khutu.

Lamlungu linali tsiku loipa kwambiri. Kunali zii, ofesi yotseka, ndipo mphepo inkabweretsa nyimbo za tchalitchi china chapatali, kenako n'kuzichotsa. Ndinakhala pasimenti ndikuchotsa utomoni m'zala ndi zikhadabo. Ndinalira, ndinene zoona. Ndinaganiza za mwana wanga wamng'ono amene sadya ngati sindinamukhalire pafupi. Ndinati mawa ndisaina, a wapampando akalaweko chidebechi, nawonso amve. Mtima unakondwa ndithu ndi ganizo limenelo.

Koma ndikaganiza za pepalalo, mawu ake ankandibwerera. Wolengeza pamsika akanama, mawu ake amapita ndi mphepo. Ili linali pepala la boma, la chidindo. Likanakhala m'faelo ine nditafa, likunena kuti sewero langa ndi la munthu wina, ndipo pansi pake pakanakhala dzanja langa lomwe likuvomereza. Zaka zonse zija anandilanda ine nditangokhala chete. Apa ankafuna kuti ndipereke ndekha.

Lolemba m'mawa ndinapempha kuonana ndi wofufuza uja. Anasangalala, anatulutsa ndi cholembera chomwe. Ine ndinati, "Bwana, mukufuna sewero? Lili muno." Ndinagogoda pamutu panga, ndinakankha mpando, n'kuyamba.

Ndinachita lonse, anthu asanu ndi awiri a m'seweromo, ndekha, opanda nsapato. Ndinali bwana, ndinali kapitawo, ndinali mphunzitsi woitana maina m'kalasi mopanda atsikana. Posowa kampango ndinapukuta mpando ndi nsonga ya chitenje. Apolisi anadzaza pakhomo. Amene anandimenya uja anaseka mpaka kugwira khoma. Pamene mtsikana wa m'seweromo amafunsa mayi ake ngati mayeso angamudikire fodya athe, wapolisi wamkazi anatembenuka n'kutuluka panja. Ndikuuzeni, sindinachitepo bwino chotero pamoyo wanga.

Nditamaliza, wofufuzayo anaomba m'manja katatu.

"Mutu muli nawo, mayi. Mwaloweza bwino zedi. Ndiye anakuphunzitsaniyo ndani?"

 Ndinati andipatse nkhani iliyonse imene akufuna, ya njinga, ya mbuzi, ya iwo omwe, ndipeke pomwepo akuona. Anabweza cholembera m'thumba. "Kuno si kumsika," anatero, n'kuuza wachinyamata uja kuti andibwezere.

Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi palibe anandifunsa kanthu. Pepala linkabwera m'mawa, ine n'kupukusa mutu, chitseko n'kutsekedwa. Achimwene ankasiya chakudya pakauntala, sanawalolenso kundiona. Ndinayamba kulankhula ndekha mokweza kuti ndimve mawu a munthu.

Lachisanu, tsiku lakhumi chindigwirireni, ananditulutsa cha m'ma naini. Ndinamva pambuyo pake kuti mwini kampango uja anatopa nayo nkhaniyo, maganizo ake anali pa msika wa fodya umene unkayandikira. Wofufuza anandibwezera duku ndi masilipasi.

"Pitani kwanu, mayi. Tapeza kuti inu ankangokugwiritsani ntchito."

"Ndiye nditsegulireni mlandu," ndinatero. "Lembani kuti ndinapeka ndine, tikaonane kukhoti."

Anandiyang'ana ngati ndavula. "Mwapenga kodi? Anzanu amalira kuti atuluke. Pitani mukasamale ana, ndipo musamalole amuna kukuikani mawu m'kamwa."

Ndinakwera kabaza mpaka kwathu. Minda ya fodya inali itathyoledwa mpaka m'chiuno, anthu ali kalikiliki m'zigafa, dziko likuyenda ngati kale. Mulu ndinausiya uja unali utada, ukununkha. Ana anandikumbatira, wamng'onoyo anakana kundisiya mpaka madzulo.

Lamlungu ndinapita kutchalitchi. Mapemphero atatha, ndikutuluka, azimayi anandizungulira ndi nthungululu. Wina anandikulunga chitenje chatsopano, wina anati nkhuku yanga ili kunyumba kwake ndikatenge. Ndinasangalala, ndinati kapena amva. Kenako mayi wina wachikulire anakweza mawu: "Uyu ndiye mkazi! Anamumenya, anamumana chakudya, koma sanaulule. Atsikana inu, phunzirani kusunga chinsinsi!"

Anthu anapatuka, a wapampando n'kufika, atavala jekete lawo. Anandigwira manja onse awiri pamaso pa mpingo. M'maso mwawo munali misozi yeniyeni.

"Mayi, mwandisunga," anatero. "Mukanangotsegula pakamwa, bwenzi ine ndili kundende. Sindidzaiwala."

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati akuchita sewero. Ine ndimadziwa munthu akamachita sewero, ndi ntchito yanga. Sankachita. Bamboyo anali atafika pokhulupirira yekha.

Ndinachotsa manja anga. Ndinakuwa, ine mwana wa mpingo, pakhomo pa tchalitchi: "Sindinabise munthu ine! Sewerolo ndinapeka ndine! Onse aja ndinapeka ndine!"

 Kenako wina anaseka, ena n'kuomba m'manja. "Taonani, abale," anatero mayi wachikulire uja, "mpaka pano akuwabisabe!" Nthungululu inayambiranso. Anyamata ndi atsikana a m'gulu lathu, amene ankadziwa zoona, anali chapatali pansi pa mtengo, akuyang'ana nsapato zawo.

Papita nyengo ziwiri za fodya tsopano. Ufulu ndili nawo, sindikana. Ndimatseka ndi kutsegula chitseko changa ndekha, ndimasamba m'manja nthawi imene ndafuna, ndipo zimenezi sindizipeputsa. Kwathu kuno amandipatsa ulemu umene sindinaulandirepo, pa maliro amandikhazika pamkeka wa akuluakulu. Amandilemekeza chifukwa cha chinthu chimene sindinachite. M'chitokosi muja ondikayikira anali atatu, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lina chitseko chidzatseguka. Kuno ndi mudzi wonse, ndipo amandikonda.

Gulu lija likadalipo. A wapampando anatuma anthu kawiri kudzandipempha kuti ndibwerere, ati masewero sakuwatuluka masiku ano chifukwa cha ukalamba. Ndinakana. Koma manja akamasoka, anthu a m'mutu aja amabwerabe, sadziwa kuti zinthu zinasintha. Chaka chino ndamaliza lina, la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndi labwino kuposa onse amene ndinapekapo. Ndimalinena chapansipansi m'chigafa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wina akamadutsa, ndimasiya.