Filimu ya Tamandani yaonedwa ndi mipando

Mwaswera bwanji nonse.

Lero masana Tamandani, mdzukulu wanga wa kwa mwana wanga Esinati, anabwera kuno ku Chibanja, mu Mzuzu, ndi filimu yake yoyamba, momwe wasewera ngati namwino. Ndinaitana abale, mipando tinachita kubwereka kwa aneba.

Atangofika mwana wanga Yohane ndi banja lake kuchokera ku Nkhorongo, funso loyamba linali lakuti, "Muli ndani wotchuka m'menemu?"

Tamandani akuti, "Ndilimo ine, amalume."

Bwana Yohane akuti, "Yewo chomene, koma ine ndimati munthu wodziwika."

Tiyi anamwa, mandasi anatha. Filimu isanafike pakati, aliyense anakumbukira kuti kunyumba anasiya zovala padzuwa.

Ine ndili kamtsikana, nthawi ya Chitaganya, bambo ali kalaliki muno mu Mzuzu, galimoto ya kanema inkabwera pabwalo n'kutambasula chinsalu choyera. Tsiku lina anationetsa munthu wakuda akukumba chimbudzi. Dzina lake palibe ankalidziwa, koma tinamuombera m'manja mpaka dzenje linatha, chifukwa nkhope inali ngati yathu.

Lero mwana wathuwathu waoneka pa kanema, owonera tatsala ine ndi mipando ya aneba. Mwanayo anangozimitsa yekha filimuyo n'kuyamba kutsuka makapu amene munamwera.

Tsono akatswiri a mafilimu inu, tandiuzeni. Tsiku limene Tamandani adzatchuke, ndani adzayambe kuuza anthu m'minibasi kuti, "Ameneyutu ndi mwana wa mlongo wanga"?