Tsiku Limene Adadi Anavula Masokosi

Loweruka lapitali ndinachita chinthu chimene sindinachitepo: ndinatsutsa Adadi pamaso pa mlendo. Ndipo mawu amene ndinayankhula anali asanu okha.

Nyumba yathu ku Hillfields, kuno kudziko lozizira la azungu, ikukonzedwa. Amisiri anakumba pabalaza n'kuyala timapaipi ta madzi otentha, kuti kutentha kuzichokera pansi osati pakhoma. Anathira simenti, inauma, kunangotsala kusankha choyala pamwamba pake.

Adadi anali atasankha kale. Kapeti yofiirira, yokhuthala yoti phazi n'kumira, ndi siponji yake kunsi. Ankolo Gondwe a ku Oldbury, anzawo a kutchalitchi, anabwera kudzawaperekeza kushopu.

"Achimwene, kuno malo opanda kapeti ndi kuchipatala basi," anatero Ankolo. "Mukufuna alamu aziweruka ku wodi n'kudzalowanso mu wodi?"

Amami, omwe ndi namwino, anangomwetulira. Iwo ankafuna matailosi, chifukwa kwa iwo nyumba yosakolopa si nyumba.

Koma ine ndinkadziwa kanthu kena. Lachiwiri mmodzi wa amisiri aja ananena mwachingerezi chake chothamanga cha kuno, Adadi ali pafoni, kuti kapeti yokhuthala imatsekereza kutentha. Adadi anangogwedeza mutu. Ine ndinamva, ndinakalemba m'kabuku kanga momwe ndimalembamo zonse zimene ndimalephera kunena.

Nanga mtsikana wa sukulu amalowerera bwanji akuluakulu akamakambirana? Ndikayankhula Chichewa lilime limapunthwa. Ndikayankhula Chingerezi zimamveka ngati mwano.

Ndiye m'mawa wa Lowerukalo ndinapempha Amami kuti tiyatse kutentha kuja. Ndinatenga tizidutswa tachitsanzo timene Adadi anabwera nato kale kuchokera kushopu, kakapeti ndi katailosi, n'kutiyala pasimenti moyandikana. Tizidutswato tinakhala pamenepo mpaka masana.

Adadi atatenga makiyi a galimoto, ndinagwada monga anandiphunzitsira Amami.

"Adadi, chonde vulani masokosi mupondepo."

Anandiyang'ana. Kenako anavula. Phazi lamanja patailosi, lamanzere pakapeti. Anasinthanitsa mapazi.

"Mwina mbali iyo sinayake," anatero Ankolo.

Adadi anawerama, n'kutukula kakapeti kaja, n'kuika dzanja pasimenti. Panali potentha bwinobwino.

"Ndiye kuti tikanafunditsa simenti bulangete, ife tikunjenjemera pamwamba," anatero. Kenako anatembenukira kwa Amami. "Mayi a Tadala, mwana wanuyu ndi injiniya."

"Lero ndi wanga? Akakhoza mayeso paja amakhala wanu."

Sindikuwaseka Adadi ayi. Anakulira m'nyumba ya simenti yopaka polishi wofiira, ndipo kapeti ankaiona kwa abwana a bambo awo, ataima pakhomo. Kwa iwo kapeti inali umboni woti afika. Kodi si tonse tili ndi kapeti yathu imene tinanyamula mumtima, osafunsa ngati ikugwirizana ndi nyumba yatsopano?

Koma ndili ndi pempho kwa inu makolo amene mumawerenga danga lino. Ana anufe ndi amene timamva zimene mmisiri wanena mothamanga. Ndife amene timakuwerengerani makalata a khonsolo. Koma nthawi yosankha ikafika, mumatituma kukatereka tiyi. Munatiphunzitsa nokha kuti mutu umodzi susenza denga. Kodi mutu waung'ono suwerengedwa?

Kwa anzanga amanyazi ngati ine: ulemu si kukhala chete. Ukhoza kugwada n'kunenabe zoona.

Matailosi adzafika Lachisanu, otuwa, osaterera. Amami auza kale amayi a mapemphero a Lachinayi kuti asavutike ndi mipando, adzangoyala zitenje pansi n'kutambasula miyendo ngati kwathu.

Loweruka lija Ankolo nawo anavula nsapato asanapite, kuti adzionere okha. Sokosi lawo linali loboola pachala chachikulu, ndipo chalacho ndicho chinayamba kuvomereza.

Kwanu kuli mwana amene wangokhala phee pakona, mukumuyesa kuti alibe mawu. Munayamba mwamufunsapo zimene anamva?