Maluwa a dothi pa nyumba ya mabuloko

Mwezi wathawu ndili mu minibasi ku Lusaka ndinaona anyamata akupopera penti pakhoma la mpanda. Zilembo zake zinali zonenepa, zokolanakolana, moti ndinalephera kuwerenga ngakhale chimodzi. Mtsikana amene ndinakhala naye mpando umodzi anandiuza kuti limeneli ndi luso lochokera kunja, ndipo eni makoma amawathamangitsa akawapeza. Ndinaseka ndekha, chifukwa wojambula pamakoma woyamba amene ine ndinamudziwa anali mayi anga, ndipo nawonso anathamangitsidwapo.

Tinakulira ku Bundabunda, kumene makolo athu anasamukira kuchokera ku Katete kudzafuna minda. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, amayi ankayamba ntchito yawo ya pamtima, yozira nyumba. Dothi lofiira ankakumba pachulu cha kuseri kwa khola, loyera ankalitenga m'gomo la mtsinje, lakuda kudambo. Likakana kuda bwino ankasinjiramo makala, kapena ankaswa mabatire akutha a tochi n'kuthiramo zakuda za m'kati mwake. Burashi analibe. Chisanza, chitsononkho ndi zala zawo, basi.

Kajambulidwe kawo aliyense ankakadziwa. Pansi ankadutsitsa lamba wakuda kuzungulira nyumba yonse, pamwamba pake timakona tofiira ngati mano a sowo, kenako maluwa aataliatali okwera mpaka pansi pa denga. Maluwa amtundu umenewo sindinawaonepo m'munda uliwonse, ankamera m'mutu mwa amayi mokha. Oyandikana nafe, mayi wina wa mtundu wa Chisoli, ankakonda mbalame zikuluzikulu ndi zidindo za manja. Awiriwa ankapita limodzi kokakumba dothi, akubwerekana makasu, koma akabwerako aliyense ankanyoza khoma la mnzake.

"Nkhuku yanu iyi ili na miyendo monga tebulo," ankatero amayi.

"Nanga imwe maluwa yanu, mbuzi ingadye yamene aya?"

Ife ana tinali ndi makoma athu. Kuseri kwa zimbudzi za kusukulu tinkalemba ndi makala, ndipo wofuna mtundu wobiriwira ankatikita masamba a maungu. A giredi seveni akamachoka ankakanda mayina awo ndi msomali, n'kuwonjezera kuti anali pano, ngati kuti wina akanatsutsa. Nthawi ya masankho kunkabwera akuluakulu ndi zitini za penti n'kulemba pa milatho ya mumsewu. Zonsezi amayi ankati ndi kudetsa. Zawo zokha ndiye zinali kukongoletsa.

Abambo atamwalira, mlongo wanga wamkulu, amene ankayendetsa lole ku Lusaka, anaganiza zowamangira amayi nyumba ya mabuloko. Anachita bwino, sindikana. Denga la malata, mawindo a magalasi, pulasitala wosalala, penti woyera kunja konse. Nyumba yakale inali itapendekeka kale ndipo anaigwetsa. Tsiku lolowa, anthu akuthira nthungululu, iye anawatengera amayi pambali.

"Amai, pano osati kupakapo matope. Iyi ni nyumba monga za mu tauni."

Amayi anavomera ndi mutu. Ine ndinkakhala nawo nthawi imeneyo, ana anga ali aang'ono, ndipo ndinaona zimene zinachitika kukolola kutatha. Oyandikana nafe aja anadutsa ndi khasu ndi beseni, kuwaitana mwachizolowezi, amayi n'kuyankha kuti msana ukuwawa. Tsiku lonselo anangozungulira pabwalo, kusesa posesedwa kale. Khitchini yathu inali chisakasa chopanda khoma loti n'kuzira. Ndinawamvera chisoni.

Lamlungu lina amayi anatsala kunyumba, nati mutu. Pobwera kutchalitchi ndinapeza duwa limodzi lofiira pakhoma la kuseri, lalitali kufika pawindo. Amayi anali pamphasa akutola miyala mu nyemba, nkhope ili phee. M'zikhadabo zawo munali katondo.

Mlongo wanga atabwera kumapeto kwa mwezi anapsa mtima kwambiri. Anazungulira mudzi akukalipira ana a eni, akuti ana a masiku ano alibe mwambo. Anawo ankangoyang'anana. Mudzi wonse unkadziwa dzanja limene linajambula duwalo, kupatula womanga nyumbayo, amene anakulira pansi pa maluwa omwewo. Anatsuka khomalo, napakanso penti.

Chaka chotsatira maluwa anatuluka atatu, tsopano pafupi ndi khomo, ndi timakona take pansi. Apa ngakhale iye sakanatha kunamizira ana.

"Amai, n'chifukwa chani muchita so? Bapongozi banga bakabwela bazaona bwanji?"

"Bazaona kuti muno munkhala muntu," anayankha amayi. "Iwe mwana wanga, nyumba wanimangila yabwino, nayamika. Koma nili monga mlendo. Nikagwila chipupa niyangana kumbuyo. Nanga ine nikazile kuti?"

Iye sanagonje. Anati matope ndi a nyumba zaudzu, ndipo anthu angaganize kuti walephera kusamala kholo lake. Ndinayesa kumulankhula, anandiuza kuti ndikamange yanga. Anatsukanso khoma, amayi akuyang'ana, madzi ofiira akuyenderera pabwalo. Amayi sanalire. Anatenga beseni lawo n'kukazira nkhokwe, kenako khola la nkhuku. Kwa zaka zingapo nkhuku zathu zinagona m'nyumba yokongola kuposa nkhuku zonse za ku Bundabunda, ndipo oyandikana nafe ankabwera kudzaseka, amayi n'kumaseka nawo. Koma madzulo ndinkawapeza ataima kutsogolo kwa khoma loyera lija, manja kumbuyo, akuliyeza ndi maso kuchokera pansi mpaka kudenga.

Kenako amayi anadwala matenda ofa ziwalo. Tinawapeza atagwa kudimba, ndipo atatuluka m'chipatala mbali ya kumanja inali yolemera, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Mlongo wanga anasintha. Ankabwera pafupipafupi, kukhala nawo pakhonde. Tsiku lina anaima nthawi yaitali pa nkhokwe ija, akuyendetsa chala m'maluwa osuluka. Sindinamufunse chimene ankaganiza.

M'mawa mwake anatenga khasu. Anapita kwa mayi wa Chisoli uja kukafunsa kokumba dothi loyera, munthu wamkulu wandevu zake, ndipo mayiyo anamuzunguza kaye ndi mafunso asanamulozere. Anabwera ndi matumba atatu, a dothi loyera, lofiira ndi lakuda, thalauza lili matope mpaka m'maondo. Ananyika dothilo m'mabeseni, anaika mpando pafupi ndi khoma lakutsogolo, nawanyamula amayi kuwakhazika pamenepo.

"Amai, chipupa chonse ni chanu. Kutsogolo, kumbuyo, konse. Chitani vamene mufuna."

Amayi anayang'ana khomalo mpaka kudenga. Anaviika zala za kumanja mu katondo, nayesa kukweza dzanja. Linafika pachifuwa n'kugwera pachitenje. Anayesanso. Kenako anaviika za kumanzere n'kukoka tsinde la duwa, koma linayenda mokhotakhota n'kuthera pomwe phewa lawo linalekezera. Oyandikana nafe anali atabwera kudzaonerera, ndipo kwa nthawi yoyamba sananyoze kanthu.

Mlongo wanga anagwada pambali pawo, nati awagwire chigongono kuti dzanja likwere. Amayi anapukusa mutu. Anamuyang'ana, osakwiya, n'kumupukuta thukuta pamphumi ndi zala zamatope zomwezo.

"Wachedwa, mwana wanga," anatero.

Iye anangokhala chogwada, mzere wofiira uli pamphumi, ndipo palibe amene anamuuza kuti aupukute.