Nyanja ya Ababa

Chaka chimene maso a amayi anayamba kuchita chifunga, ine ndinali nditangoyamba kumene ntchito ya mu ofesi ku esiteti ya nzimbe. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosapsatira mawu kuti shuga wadya kale diso lamanzere, ndipo lamanjalo silifika patali. Pobwerera kwathu ku Mbenje, tili m'minibasi, ndinawafunsa amayi chimene akufuna kuona maso akadalipo. Ndinkayesa atchula mdzukulu wawo wa ku Lilongwe. Iwo osaganiza n'komwe anati, "Nyanja ya abambo ako."

Ababa anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo mudzi wonse unkawadziwa kuti ndi munthu wobadwira m'mphepete mwa bara, nyanja yaikulu ya mchere yopanda tsidya. Ife tinakulira nkhani zake. Madzi amene amathawa m'mawa n'kubwerera okha masana, nkhanu zazikulu ngati mbale, nyumba ya agogo yozunguliridwa ndi mitengo ya kokonati. Pamsika wa Bangula azimayi ankawaitana kuti anunkhize bakayawo asanagule, ndipo iwo akapukusa mutu nsomba imeneyo sinkayenda malonda. Amayi ankanyadira poyera kuti anakana mphunzitsi wa njinga n'kulola wothawa nkhondo wa malaya amodzi chifukwa cha pakamwa pake. Tikafunsa kutalika kwake, ababa ankati, "Si patali. Ukanyamuka tambala woyamba, dzuwa likamapendeka mapazi ali m'madzi." Koma zaka zoposa makumi atatu zinatha asanatengereko munthu.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo aliyense kwathu amadziwa, ndipo ndikagwira chinthu sindisiya. Tsiku lomwelo ndinalengeza pakhonde kuti Loweruka la tchuthi changa tikupita kunyanja. Galimoto ndipempha pikapu ya alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Amayi anaomba m'manja ngati kamtsikana. Ababa anapeta kaye fodya wawo, kenaka anati, "Pyadidi, zili bwino, mwanawe. Koma tiyambe taona nyama ku Mwabvi. Amako sanalowemo chibadwire, chonsecho nkhalangoyo ndi pakhomo pomwepa." Ndinaona ngati ndi chikondi, ndipo ndinavomera.

Ndinatenga kope n'kulemba zonse bwinobwino, monga ndimachitira kuntchito. Mbandakucha kunyamuka. Dzuwa likamatuluka tili pageti la paki. Kadzutsa tidyera momwemo, tiyi wa m'fulasiki ndi mbatata. Kenaka boda ya ku Marka, kudinditsa mapepala, masana kunyanja, madzulo kubwerera. Ndikamaiwerenga lero ndondomekoyo manyazi amandigwira, koma nthawi imeneyo ndinkaionetsa kwa aliyense.

Amayi anagula chitenje chatsopano. Anaulula nkhaniyi kwa azimayi anzawo a kutchalitchi, ndiye abale inu, mabotolo anayamba kubwera! Kwathu anthu amakhulupirira kuti madzi a m'nyanja ya mchere ndi mankhwala. Wina akufuna a nyamakazi, wina owaza pakhomo, wina sananene n'komwe chimene akufunira. Pakutha pa sabata kuseri kwa chitseko kunali thumba lodzaza mabotolo ndi tizigubu, lililonse lomangidwa kansalu kuti mwini wake adzalizindikire. Amayi anawonjezapo tsache latsopano. Anati akasesa pamanda a apongozi awo amene sanawaonepo.

Loweruka loyamba ababa anati kwagwa maliro kutsidya, a munthu amene dzina lake sitinalimvepo m'nyumba mwathu. Loweruka lachiwiri anati bondo lawatupa. Loweruka lachitatu anayamba kunena za mabomba okwirira amene anatsala m'misewu, nkhondo yoti inatha ine ndikukwawa. Uku masabata akupita, uku diso la amayi likunka lizima. Tsiku lina ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, tiyi n'kumayenderera pamphasa iwo osadziwa. Ndinalowa m'bafa n'kukalira, kenaka kulirako kunasanduka ukali. Ndinatuluka n'kuuza nyumba yonse kuti Loweruka likubwerali, kaya kugwe maliro a ndani, tikunyamuka.

Lachinayi la sabata imeneyo alamu anabwera kuchokera kokagula mbuzi, ndipo ndinawapatsa kope lija kuti aone nthawi yonyamukira. Iwowa anayendetsapo malole a ku Beira zaka zingapo. Anawerenga, n'kundiyang'ana, n'kuwerenganso, kenaka anaphulika chiseko mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, tsiku limodzi? Mwabwereka ndege?"

"Mukuseka chiyani? Ababa akuti si patali."

"Kupita kokhako ndi tsiku lathunthu, mwinanso kugona panjira. Apo ndiye kuti msewu uli bwino, ndipo simunayambe mwacheza ndi anyani ku Mwabvi. Munthu woidziwa njira imeneyo sangakuuzeni zimenezi."

Mawu omalizawo anandibaya. Ndinawapempha kuti asanene kanthu kwa amayi. M'mutu mwanga munabwera chinthu chimodzi chokha: ababa ali ndi mkazi wina kumeneko, mwina ndi ana omwe, ndipo akuopa kuti tikakumana nawo. Ndinavala masilipasi n'kuthamangira kudimba dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha mapazi.

Ndinawapeza pansi pa nsangu, m'mphepete mwa Shire, akukonza mono. Sindinagwade, sindinapereke moni. Ndinaima chiimire ngati wapolisi.

"Ababa, mwasiya ndani kunyanjako?"

"Ukuti chiyani iwe?"

"Muli ndi banja kumeneko? Nenani! Amayi akuchita khungu inu mukuwerenga maliro a eni. Alamu akuti ndi ulendo wa masiku. Chabwino, ndipempha masiku atatu kuntchito, tigona panjira. Tsopano munena chiyani?"

Anaika mono pansi.

"Nkhabe, mwanawe. Kulibe mkazi." Anayang'ana kumtsinje. "Ine bara sindinalionepo."

Ndinayesa sindinamve bwino. Anabwereza, maso ali pansi. Kenaka analoza mapiri a kumadzulo, omwe timawaona tsiku ndi tsiku tili pakhomo, n'kunena kuti anabadwira kuseri kwake, kumudzi wa mapira okhaokha, woti ndi njinga ukhoza kupita n'kubwerako. Ku kampu ya othawa nkhondo ankagona msasa umodzi ndi mkulu wina wodwala chifuwa, msodzi wa kunyanja weniweni. Mkuluyo ankangokamba za kwawo, tsiku lililonse, mpaka anamwalira ababa atamugwira mutu.

"Nditawaona amako pachigayo ndinalibe mbuzi, ndinalibe munda, dzina langa linali wothawa. Munthu wotere afunsire ndi chiyani? Ndinatenga nyanja ya mkulu uja. Ndinkati ndidzaulula tikakwatirana. Kenaka unabadwa iwe, n'kuyamba kufunsa za nkhanu."

"Nanga bakayawo mumanunkhiza pamsika uja?"

"Ndimangonunkhiza ngati wina aliyense."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuwaponyera mono uja m'madzi. Ndinangokhala pansi. Nditapuma ndinati palibe kanthu, tipitebe, akaione limodzi ndi amayi, onse awiri koyamba.

"Akandifunsa nyumba imene ndinabadwiramo ndikaloza iti? Tsache lija akasesa manda a ndani?" Apa anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, momwe mwana amachitira kwa wamkulu. "Amako anakana anthu chifukwa cha ine. Abale awo anawaseka. Asalowe mumdima akudziwa kuti anakwatiwa ndi wabodza. Tilowe m'nkhalangomo, tichedwe, dzuwa litithere. Usandivule pamaso pawo, mwana wanga."

Ndiye ndinamvetsa chimene anaikirapo Mwabvi pa ulendo wathu. Ndinabwerera kunyumba n'kupeza amayi akufunsa mng'ono wanga ngati chitenje chatsopano chija chili ndi maluwa ofiira kapena achikasu.

Lachisanu lonse ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndikaulula, amayi aiona nyanja koma ataya mwamuna amene amamudziwa. Ndikabisa, sadzaionanso. Kawiri konse ndinafika pakhomo la khitchini mawu ali kukamwa, amayi n'kundifunsa kuti, "Ndani ameneyo?" ine n'kungoti ndimafuna machesi.

Loweruka tinanyamuka monga ndinalembera. Amayi ndi ababa anakhala kutsogolo ndi alamu, ine kumbuyo pamodzi ndi thumba la mabotolo ndi tsache, ndikuwaona kudzera pa kagalasi kotsekula. Pageti tinatenga mlonda wa paki wotilondolera. Nkhalango inali youma, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu. Mlondayo analoza agwape awiri ataima patali.

"Ali kuti?" anafunsa amayi.

"Apo, mayi, pafupi ndi chulu."

"Eya, ndawaona," anatero, nkhope italoza kwina.

Ababa tsiku limenelo anasanduka mwana wasukulu. Mtengo uwu dzina lake n'chiyani? Mapazi awa ndi a nyama yanji? Kodi kumiyala kumene amati kuli mapanga n'kutali? Mlondayo anakondwera kupeza munthu wachidwi, ndipo anatizungulitsa ponseponse. Amayi ankangotulutsa dzanja pawindo kuti amve pamene dzuwa lafika. "Inu, nthawi ikupita. Anyani tili nawo kumunda, tiyeni." Ababa ankati pang'ono pokha. Alamu ankandiyang'ana pagalasi, osamvetsa kuti masewerawa ndi a chiyani, koma anasunga pakamwa monga ndinawapempha.

Tinatuluka dzuwa litadutsa pamutu. Titafika pamsewu wa tala alamu anaimitsa galimoto, injini ikulira. Kumanja ndi kopita ku Nsanje ndi ku boda, kumanzere ndi kwathu.

"Bwanji taima?" anatero amayi. "Tiyeni. Ngakhale tikafike usiku, tigona pamchenga, m'mawa ndiiona. Ine sindiopa kugona panja."

Dzuwa silinawagonjetse amayi monga ababa ankayembekezera. Panafunika munthu woti akane. Ndinatsika n'kukaima pawindo la mbali yawo. Ndinawayang'ana ababa, ndikuwapatsa mpata womaliza. Iwo ankayang'ana zala zawo za kumapazi.

"Alamu, khotani kumanzere," ndinatero. "Tikubwerera."

"Ukuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndati tikubwerera. Ndatopa, fumbi landikwana, ndipo Lolemba ndili ndi ntchito. Sindingachotsedwe ntchito chifukwa cha madzi a mchere. Tidzapita tsiku lina."

Ndinalankhula mokalipa, ndi mawu anga omwe aja a masiku onse, ndipo n'chifukwa chake anakhulupirira msanga. Amayi anatembenuza nkhope kundifunafuna ndi diso lotsala lija.

"Tsiku lina? Iwe unalipo pamene adokotala amalankhula. Ukuyesa sindinamve? Unandifunsa wekha chimene ndikufuna. Ndinakupempha ine?"

Ndinayang'ana kumbali.

Amayi anatembenukira kwa ababa n'kuwagwira pabondo. "Inu, simunena kanthu? Kwanu kumeneku. Muuzeni mwana wanuyu."

Ndinadikira. Sindinkafuna kuti aulule zonse, ayi. Akanangoti bondo lawo lawawanso, kapena kuti mwanayu akunena zoona, kwada, tikanagawana katunduyo. Ababa anakweza mutu, n'kuyang'ana kutsogolo kumsewu.

"Musiyeni," anatero. "Ana a masiku ano ndi otero. Ine ndinali wokonzeka kukuonetsani zonse."

Mayo ine! Mawu anafika pamilomo penipeni, onse, a mapira, a kampu, a mkulu wa chifuwa. Ndinawameza. Ndinakwera kumbuyo n'kumenya denga la pikapu kuti tizipita.

Titafika pakhomo azimayi atatu anali atakhala kale pakhonde kudikira madzi awo, akudabwa kuti tabwera msanga. Ndinathamanga kukatsekula chitseko n'kutambasula dzanja kuti ndiwatsitse amayi. Analikhudza, n'kuzindikira kuti ndi langa, n'kulikankhira kumbali. Anatsika atagwira phewa la ababa, ndipo ababa anawalowetsa m'nyumba pang'onopang'ono, akuwauza pamene pali mwala.

Diso lamanja linatseka mvula yoyamba isanagwe. Mudzi wonse umadziwa kuti mwana wa ku ofesi uja anawamana amake nyanja chifukwa cha fumbi, ndipo sindinatsutsepo. Ababa sanayambe andithokoza, inenso sindinawakhululukire. Timapatsana moni, ndimawagulira fodya wawo, basi. Amayi ndimawasambitsa, ndimawabaya jakisoni wa shuga, zimenezo amalola. Koma akafuna kupita kutchalitchi amaima pakhomo n'kuitana mng'ono wanga, akasowa amaitana aneba, ngakhale munthu wongodutsa pamsewu, ine nditaima pambali pawo pomwepo.