Pikapu ya amuna anga chaka chimene anadwala

Amuna anga anali ndi pikapu yoyera ya dizilo imene anagula ku Chipata zipani zambiri zitangoyamba kumene. Ankanyamulira anthu fodya ndi mtedza kuchokera ku Chiosya kupita pa boma, ine ndikuphunzitsa ku Guilleme. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha pa bwalo la mpira la kusukulu.

Chaka chimene anayamba kuwonda ndi kutsokomola, galimotonso inayamba kuvuta. M'mawa inkalira bwinobwino, koma injini ikangotentha inkazima pakati pa msewu ngati wina waizimitsa dala. Ikazizira inkaliranso. Makaniko wa pa boma anaitsegula, koma sanapeze kanthu.

Nthawi imeneyo amuna anga sankatha kuima nthawi yaitali. Ndikaweruka ndinkawaikira mpando pafupi ndi boneti, iwo akundiuza chochita, ine ndikugwira sipanala. Tinasintha sefa ya mafuta. Tinamasula mapaipi n'kupopa ndi dzanja mpaka thovu lonse litatuluka, poganiza kuti mwina mukulowa mpweya. Kenako anakayikira dizilo wa m'zigubu amene tinkagula kumalire, ndiye ndinakhuthula thanki yonse n'kuitsuka. Ndinkapita m'kalasi manja akununkha dizilo. Koma ndikati ndiiyese, ndinkangothera m'mbali mwa msewu kudikira kuti izizire. Anthu ena ankanong'ona kuti munthu ndi galimoto yake sangadwale pamodzi popanda dzanja la wina.

Loweruka lina amuna anga anati apite nawo kokayesa galimotoyo. Ndinakana, chifukwa anali asanadye kanthu chidzulo chake, koma anaumirira. Ndinawaikira pilo kumsana, tinanyamuka. Itazima, anatsika pang'onopang'ono, n'kutsamira galimoto, khutu ataliyandikitsa pa pampu ya mafuta. Anandiuza kuti ndipotokoze kiyi. Panalibe chimene chinamveka. Anatenga chigubu cha madzi akumwa n'kuthira pa kachitsulo kena kokhala ndi waya umodzi, pamwamba pa pampuyo. Nditapotokozanso kiyi, kanamveka kuti "tha", injini n'kulira.

"Ndi kameneka, amayi," anatero. "Kakatentha sikakutsegula njira ya mafuta."

Anamwetulira, thukuta lili kamukamu. Panali patapita miyezi ndisanawaone akumwetulira.

Mayi wina wa kutchalitchi amene ankachita geni ku Chipata ndiye anatibweretsera katsopano. Ndinakamanga ndekha, iwo ali pa mpando, akungondichenjeza kuti ndisamange mopitirira.

Galimoto itakhala bwino, sanapemphe kuti tikanyamule katundu wa munthu. Anati ndiwaperekeze ku Ludzi akaone amayi awo. Dzuwa linali la Okutobala, injini inatentha ndithu, koma tinakafika osazima. Anakhala pakhonde ndi apongozi anga mpaka dzuwa kupendeka, akulankhula motsitsa. Ine ndinapita kuseri kukathandiza kusenda mtedza, ndipo zimene anakambirana sindinazimve.

Amuna anga anatisiya mvula itangoyamba. Maliro atatha, akuchimuna anasonkhana kuti agawane katundu, ndipo mchimwene wamkulu wa amuna anga anandipempha makiyi a galimoto. Ndinalowa m'nyumba kukawatenga, popeza mphamvu zokangana ndinalibe. Potuluka ndinapeza apongozi anga ataimirira, chinthu chimene sankachita pakati pa amuna.

"Galimotoyo isiyeni," anatero. "Mwana wanga anandiuza yekha kuti ndi ya mkazi wake ndi ana. Amene akuifuna ayambe wandikwirira ine."

Alamu angawo anayang'ana pansi, kenako anayamba kukamba za njinga ndi wailesi.

Ndinapitiriza kuphunzitsa, ndipo Loweruka ndinkanyamula mtedza wa anthu ku Chiosya. Poyamba alimi ankachita manyazi kukwera galimoto yoyendetsa mayi wamasiye, koma anazolowera. Apongozi anga ndinkawatenga mwezi ndi mwezi kupita nawo kuchipatala miyendo yawo itayamba kutupa. Ankakhala kutsogolo, atagwira chitseko ndi manja awiri, ndipo njira yonse ankandifunsa za ana.