Njuga ya Che Harun

Ku Chinsapo, aliyense amene anavalapo mkanjo wa Idi wokhala bwino m'mapewa amawadziwa Che Harun. Anachoka ku Machinga ali mnyamata, atasenza makina osokera, n'kudzakhazikika pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika. Kaunjika anabwera n'kugwetsa matelala ambirimbiri, koma iwo sanatekeseke. Ankati mkanjo wa Msilamu sutuluka m'belo. Za makadi musanene n'komwe. Anyamata otchova njuga kuseri kwa golosaleyo ankawapirikitsa ndi mtengo woyezera nsalu.

Chinawagwetsa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera, makina anaphimbidwa ndi chitenje. Akazi awo anali atatsogola kale, ndiye zonse zinagwera mwana wawo mmodzi yekhayo, Karima, amene ankawasambitsa, kuwadyetsa, n'kumathamanganso kukagulitsa mandasi.

Makadi anabwera nawo ndi Karima yemweyo. Mayi wochititsa mafizo kuchipatala ndiye anamuuza kuti dzanja lizigwira kanthu, pakamwa pazituluka mawu. Masewera ake ndi achibwana. Umasakaniza makadi, n'kumavundukula imodziimodzi ukutchula mwandondomeko: eyisi, thu, firi, mpaka king'i, n'kuyambiranso. Khadi ikangofanana ndi chimene watchula, basi, wadyedwa; ukamaliza makadi onse osafanana, wawina. Nzeru palibepo, mnzako palibe, chobetcha palibe. Ndi mwayi wokhawokha, ndipo mwayiwo Che Harun unkawadutsa patali. Makadi asanafike n'komwe pakati, teni ankatulukira pa teni. Apo mkuluyo ankamenya tebulo n'kufuula mawu amene anawamva zaka zonse zija kuseri kwa golosale: “Ndadyedwa!”

Chopweteka n'chakuti mankhwalawo anagwira ntchito mwanjiru. Mayina a makadi anayamba kutuluka bwinobwino ngati a munthu wowerenga nkhani pa wailesi, koma dzina la mwana wawo linkathera pa “Ka… Ka…”

Karima anali ndi chibwenzi, Yasir, mnyamata wowotcherera zitsulo ku Biwi. Banja la kwawo kwa Yasir ndi lija losaphonya mapemphero a swala, lofufuza mbiri ya nyumba mpaka kwa agogo. Anapangana kuti Loweruka amalume ake a Yasir, Che Zaki, abwere kudzaonekera ndi kuyamba nkhani ya ukwati. Che Harun sanafune kuchititsa mwana wawo manyazi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: mlendo akapereka salamu, iwo ayankhe yonse osakakamira panjira. Choncho m'mawa wa tsikulo, atavala mkanjo wodzisokera okha kalekale, Karima atapita kukagula mkaka, anatulutsa makadi kuti lilime lifewe.

Alendo anafulumira. Che Zaki ndi mnzawo anaima pakhomo, katani ili yotseka, n'kumamva mawu amphamvu m'katimo.

“Naini! Teni! Jeke! Aaa, ndadyedwa!”

Anayang'anana. Pampopi panali Mayi Tionenji, oyandikana nawo nyumba, aja osadikira kufunsidwa. “Musadabwe, abambo,” anatero mayiwo. “Daily n'zomwezo. Kudyedwa kokhakokha, sitinamvepo kuti awina.”

Che Zaki anakankha katani osaodira. Anapeza munthu wamkulu, kofiya ili kumutu, makadi ali mbwee patebulo la makina.

“Salamu alaikumu.”

Che Harun anatsegula pakamwa. Yankho analikonzekera sabata yonse, koma mantha anamanga lilime, thovu linatsikira pandevu. Anakakamiza, nakakamizanso, ndipo chimene chinatuluka, chomveka bwino mpaka kumpopi, chinali: “King'i.”

Karima anafika pomwepo, mkaka uli m'manja. Anagwada n'kufotokoza zonse, za sitiroko, za mafizo, za mayi wa kuchipatala uja.

“Ndiye amasewera ndi ndani?” anafunsa Che Zaki, maso ali pawindo lakuseri.

“Okha, amalume.”

“Okha? Nanga wawadyayo ndani? Mwanawe, ifetu tinabadwa kale. Njuga ya munthu mmodzi sindinaimvepo. Mnzawoyo wathawira pawindo, kapena mwamubisa kuchipinda.”

“Lowani mukaone.”

Sanalowe. Munthu akapeza chimene mtima wake umafuna kupeza safufuzanso. Mwinanso makadiwo anangowapulumutsa. Kunena kuti sitikufuna mtengwa wobwera ndi bambo wodwala kumachititsa manyazi, koma kunena kuti njuga ndi haramu kumapatsa ulemu. Tiyi anathiridwa, sanamwedwe. Potuluka anangoti, “Tikakambirana kunyumba,” ndipo aliyense wa ku Chinsapo amadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Madzulo asanafike, Yasir anaimba foni kunena kuti za ukwati zatha. Karima anamvetsera ali chiimire pakhonde, kuyankha kwake kunali “chabwino” yekhayekha. Mnyamata wopinda zitsulo ndi manja analephera kutsutsa amalume ake ngakhale liwu limodzi. Ndi wamantha, ndipo palibe dzina lina lomuyenera.

Che Harun anamva zonse. Mtima unawawawa kuposa tsiku limene anauzidwa kuti sadzasokanso. Zaka zonse zija zopirikitsa anyamata anjuga, lero dzina lawo ndi wanjuga, ndipo wolipira ndi mwana amene amawapukuta thovu. Anafuna kupepesa. Anaitana, “Ka… Ka…” Karima analowa, sanawayang'ane, anatolera makapu a alendo n'kukakhuthula tiyi wozizirayo m'ngalande.

Dzanja silinadziwe china chochita. Linasonkhanitsa makadi, linasakaniza, n'kuyamba kuvundukula. Ulendo uno ankatchula chapansipansi kuti a pampopi asamve. Eyisi, kunabwera seveni. Thu, kunabwera kwini. Anadutsa pakati, pamene sanafikepo chiyambire. Anadikira kudyedwa, anakufunanso kumene, koma makadi ankangozemba dzina lotchulidwalo. Yotsiriza inagwa patebulo, yosafanana.

Anayang'ana mulu wonsewo. Kenako mawu atsopano, amene anali asanawatchulepo chidwalire, anatuluka osakakamira ngakhale pang'ono.

“Ndawina.”

Panja, phokoso la makapu m'beseni linaleka.

“Mwawina, Ababa,” anatero Karima osatembenuka. “Ndiye akupatsani chiyani?”