Mwezi umene tinaleka kuyankha odi

Ndikukumbukira holide ya Disembala imene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kumunsi kwa phiri la Mpingwe, m'nyumba za mdadada zimene chitseko cha wina chimayang'anizana ndi cha mnzake. Bambo anga anali kalaliki pa ofesi ina cha ku Mandala, ndipo anali ndi chizolowezi chotola mabuku amene mabwana awo ataya. Ankabwera nawo m'chikwama, ena opanda masamba oyambirira, ena onunkha mphemvu, n'kumati akundithandiza Chingerezi. Ine ndinkasankhamo okhawo a zithunzi zoopsa: zombo zouluka pakati pa nyenyezi, mafupa a anthu oyenda okha, zinyama zimene ngakhale Nowa sakanazilola kulowa m'chombo. Chingerezi chake ndinkangotolapo mawu awiri atatu, koma mantha ake ndinkawamva onse.

Pafupi ndi kamsika kathu panali vidiyo shoo, chisakasa cha matabwa ndi malata akale, mazenera ake otseka ndi masaka kuti dzuwa lisalowe. Panja ankapachika chisipika, moti kukuwa kwa anthu a m'filimu kunkafika mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Mkatimo munkanunkha thukuta, mtedza wokazinga ndi mapazi a anyamata. Atsikana olowamo tinali owerengeka, ndipo ine ndinkayenda modzitukumula chifukwa cha zimenezo. Pa mdadada wathu onse ankadziwa kuti Mervis saopa kanthu. Mbiri imeneyi ndinaipeza mwakuba. Zinthu zikafika povuta pa sikirini, ndinkawerama ngati ndikufunafuna china chake chimene chagwa pansi, ndipo mumdima muja palibe ankandiona.

Mnzanga wa pamtima anali Amina, wa nyumba yoyang'anizana ndi yathu. Bambo ake ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, ndipo pakhomo ankakhalapo mwa apo ndi apo. Chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unagwa mu holide, ndipo Amina anatsimikiza zofunga mwezi wonse kwa nthawi yoyamba, osadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mayi ake anati zimenezo sizimayendera limodzi ndi vidiyo, choncho mwezi wonse phazi lake lisapondeko. Inali nyengo ya mango, dzuwa likuwotcha m'mawa, mvula masana. Amina ankati m'mawa sikuvuta, koma ikangokwana 3 koloko, wotchi imayenda ngati ili ndi chilonda kuphazi. Ndiye tinapangana kuti ine ndizikaonera filimu ya masana, ndikabwerako ndizimufotokozera mpaka amve kuitana kwa kumzikiti. Tsiku la Idi, pamapeto pa kufunga, tidzapita limodzi kukaonera imene idzapose zonse.

Sabata yoyamba zinayenda myaa. Ndinkafika pakhonde pawo nditapukuta bwinobwino pakamwa kuti asaone kuti ndadya mango, n'kuyamba ntchito. Ndinkauluka, ndinkafa, ndinkadzukanso. Mawu a azungu a m'filimu ndinkawamasulira mmene ndafunira, poti panalibe wonditsutsa. Azing'ono ake a Amina, Saidi ndi Zainabu, ankakhala kukamwa yasa, ndipo ana ena a pa mdadada anayamba kubwera ndi timipando tawo. Mayi a Amina ankasangalala chifukwa palibe mwana ankawazungulira pamene akukonza futali womasulira kufunga.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anaika filimu ya akufa otuluka m'manda. Ndinawerama monga mwa nthawi zonse, koma phokoso lake lokha linandilowa m'mafupa. Nditadzutsa mutu kuti ndione ngati zatha, ndinakumana maso ndi maso ndi munthu wopanda nsagwada akubwera molunjika pa benchi yanga. Sindikudziwa mmene ndinatulukira. Ndinangozindikira ndili m'ngalande kuseri kwa msika, patapata imodzi palibe. Ndinalumbira pomwepo kuti m'chisakasa muja sindidzalowamonso. Koma kufunga kunali kutatsala milungu itatu, ndipo Amina anali pakhonde akundidikira.

Kunena zoona kunali kotheka, koma ndinali mwana wonyada koopsa. Ndiye tsiku lililonse ndinkatuluka pakhomo ngati ndikupita ku vidiyo, n'kukhotera kuseri kwa tchalitchi chathu, pansi pa mtengo wa mango, buku lili m'kati mwa diresi. Bukulo linali ndi chithunzi cha chinthu cha diso limodzi chikutsika m'chombo chooneka ngati beseni lovundikira. Ndinkawerenga mzere umodzi, n'kuphonya isanu, mipata yonse ndikudzaza ndi za m'mutu mwanga. Chinthucho ndinachitcha Chidiso. Ndinauza anzanga kuti ndi filimu yaitali kwambiri, ya makaseti ambirimbiri, ndipo mwini vidiyo akuonetsa imodzi patsiku.

Chidiso chinatchuka kuposa mafilimu enieni aja. Chinachokera ku nyenyezi imene madzi ake anaphwa, ndipo chinkafuna anthu oti azikachitungira madzi kwawoko. Tsiku lina Amina, milomo itauma gwaa, anandidula pakati.

“Koma Mervis, chimalowa bwanji m'nyumba anthu atakhoma?”

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinakula ndi mayi amene ankakubweza pakhomo ukalowa ngati mbuzi, kuti ukayambirenso. M'mutu mwanga simunkatheka kuti aliyense, ngakhale wochokera kunyenyezi, angalowe m'nyumba ya eni ake osaodira. Ndiye ndinayankha mosaganiza n'komwe.

“Chimaodira. Chimati odi katatu. Ukangoyankha kuti lowani, basi wapita.”

“Nanga munthu angayankhe bwanji akumva kuti ndi chilombo?”

“Sichiyankhula ndi mawu ake,” ndinatero, tsopano nditayamba kukoma nazo. “Chimabwereka mawu a m'bale wako.”

Zainabu anakakamira chitenje cha mkulu wake. Ineyo, mwini bodza, tsitsi linandiimirira.

Pasanathe masiku atatu, ana onse a pa mdadada wathu analeka kuyankha odi. Mayi wobwera kudzapempha mchere ankaodira mpaka kutopa, ana ali mkati akuyang'anitsitsa chitseko. Bambo wogulitsa makala anadandaula kuti ana a kuno ayamba mwano. Mayi anga ankakalipa kuti, “Kodi ana inu mwagontha onse tsiku limodzi?” Palibe anaulula, chifukwa ndinali nditawonjezera kuti ukauza akuluakulu, Chidiso chimayambira kwanu. Ndivomere pano kuti ndinkasangalala nazo kwambiri. Mdadada wonse unali m'manja mwa kamtsikana kamene kanataya patapata pothawa sikirini.

Kutatsala masiku anayi kuti Idi ifike, mayi a Amina anapita ku Limbe kukatenga zovala za ana kwa telala, n'kusiya Amina kuti ayang'anire nyumba. Mayi anga anali ku mvano, ine ndili pansi pa mango wanga kukonza gawo la tsikulo. Masana amenewo anafika a Abiti Juma, azakhali ake a Amina, mlongo wamkulu wa bambo ake, kuchokera ku Mangochi. Anali mayi wachikulire wolemekezeka, nawonso akufunga, dengu la mpunga ndi nsomba zouma lili pamutu. Anaima pakhomo n'kuodira. Zii. Anaodiranso. Zii. Ataodira kachitatu anamva loko ikuti khethe kuchokera mkati.

“Amina! Ndine azakhali ako, tsegula!”

Mawu amenewa ndiye anamaliza zonse, pakuti ndi mmene Chidiso chikananenera. Amina anakokera tebulo kuchitseko, n'kulowetsa azing'ono ake kunsi kwa bedi. Kenaka mvula ya Disembala inatsika ndi mphepo yake, yolowa mpaka pakhonde. Aneba anawaitana a Abiti Juma kuti akabisale kwawo, koma iwo anakana. Ankamva ana akunong'onezana mkati, ndipo anati sachoka pakhomo pa mchimwene wawo ngati wopemphetsa. Anakhala pomwepo, ataphimba dengu ndi chitenje chawo, mpaka mayi a Amina anatsika minibasi.

Ine ndinafika mvula itakata, ndili ndi gawo latsopano lokoma kwambiri, n'kupeza bwalo la milandu. A Abiti Juma anali pampando, madzi akudontha kumpango wawo. Amina anali atagwada, akulira, ataulula zonse za filimu ija. Mayi anga anali ataima chapambali ndi bulauzi yawo yoyera ya mvano, akundiyang'ana ndi diso limene ndinkalidziwa bwino. Mayi a Amina sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Anati kuyambira tsiku limenelo Amina asadzapondenso ku vidiyo, ndipo za kucheza ndi Mervis zithere pomwepo, chifukwa ndi amene akututa zonyansa za kumeneko kubweretsa pakhomo pawo.

Ndinayang'ana Amina. Sanandiloze chala, sananene kuti ndine ndinamuopseza. Anangoti filimuyo ndi yoopsadi, Mervis alibe mlandu, iye amangofotokoza zimene waona. Apo ndiye manyazi anandigwira. Ndinagwada pambali pake, m'matope momwemo.

“Filimuyo kulibe,” ndinatero. “Ndinapeka ndekha. Ku vidiyo ndinasiya kalekale, ndimaopa.”

Anandifunsa mafunso ambiri, ndipo ndinatulutsa buku lija m'diresi ngati umboni. A Abiti Juma analitenga, n'kuliyang'ana chozondoka, n'kundiuza kuti ndifotokoze bwinobwino za chilombocho. Nditafika poti chimaodira katatu ndipo sichilowa osaloledwa, mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye chilombo chakocho chinaleredwa bwino kuposa ana a mchimwene wanga!” anatero. “Chikadzabwera ku Mangochi ndidzachiyalira mkeka.”

Kuseka kwawo kunapulumutsa tonse. Mayi anga anandikoka khutu kuchokera pakhonde pa eni ake mpaka kwathu, ndipo m'mawa mwake ndinachapa ndi kusita zovala zonse za alendo zimene zinanyowa. Lamulo loti tisachezerane mayi a Amina analifafaniza. Akuluakulu onse anaitenga ngati nkhani yoseketsa, ndipo a Abiti Juma ankaifotokozera aliyense wobwera kudzawalonjera. Munthu mmodzi yekha sanaseke.

Masiku otsalawo Amina anafunga yekha, popanda nkhani. Ikakwana 3 koloko ndinkamuona pakhonde pawo, atatsamira khoma, akuyang'ana phiri. Ndikamuyandikira ankalowa m'nyumba. Khutu lija linapola tsiku lomwelo, koma izi zinandipweteka kwambiri, moti mango amene ndinkawakonda aja sankatsikanso kukhosi. Ndinkaganiza kuti wakwiya chifukwa ndinamuchititsa manyazi pamaso pa azakhali ake.

Tsiku la Idi anabwera kwathu ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku, monga ankachitira mayi ake chaka chilichonse kwa aneba. Anavala diresi yobiriwira yatsopano, ndipo anali ataonda pang'ono. Anapereka mbale kwa mayi anga, n'kutembenukira kwa ine.

“Ndamaliza mwezi wonse,” anatero. “Osaphonya ngakhale tsiku limodzi.”

“Pepa, Amina. Za azakhali zija.”

“Za azakhali ndi zazing'ono. Ine njala ikandipweteka ndimadziuza kuti pirira, pa Idi ukachiona Chidiso ndi maso ako, uli ndi Mervis. Ndiye iwe ukuti kulibe.”

Ndinali nditamupatsa chinthu choti aziyembekezera mwezi wonse, n'kumulanda kutatsala masiku anayi. Ndinayamba kulira, ndipo iye anandisiya ndilire kaye mokwanira, poti ndinayeneradi kutero. Kenaka anandikoka dzanja. Azakhali ake anali atamupemphera chilolezo kwa mayi ake, ndipo pangano linali pangano.

Tsoka lake, tsiku limenelo mwini vidiyo anabwereza filimu ya akufa ija. Manda oyamba atangoyamba kung'ambika, ine ndinawerama kufunafuna chinthu changa chosagwa chija. Amina anandiyang'ana, n'kuyang'ana sikirini, n'kundiyang'ananso. Ndinadikira kuti andiseke pamaso pa anyamata onse aja. Iye anangosendera pafupi, n'kuika pakamwa pake pakhutu langa.

“Khala choncho, usadzuke. Watuluka mmodzi. Alibe nsagwada, koma wavala tayi. Akuyenda ngati a bambo ako pa Lolemba.”

Ndinaseka mutu uli pakati pa mawondo. Anandifotokozera filimu yonse mpaka kumapeto, osachita mantha ngakhale pang'ono, uku akutafuna mtedza masana dzuwa likuswa mtengo kwa nthawi yoyamba m'mwezi wathunthu.

Chisakasa chija anachigwetsa kalekale, pamalo pake pali kashopu kokonza mafoni. Ana anga amaonera zoopsa kuposa zathu zija, aliyense pa foni yake, zomvera zili m'makutu, ndipo filimu ikatha palibe amafunsa mnzake kuti zinatha bwanji. Ine mabuku a zombo ndi zilombo ndimagulabe kwa ogulitsa m'makonde a ku Limbe, ndipo tsopano Chingerezi chake ndimachimva, ngakhale nthawi zina ndimaona kuti ankakoma kwambiri pamene sindinkachimva. Amina ali ndi shopu ya nsalu, ndipo nthawi zina Loweruka masana ndimapita kwawo kukaonera filimu pa TV yake yaikulu. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anatipeza tili choncho, ine nkhope ili mu pilo, Amina ali pakhutu langa, n'kufunsa kuti ndimadzivutitsiranji ndi mafilimu amene sindiwayang'ana. Ndinamuuza kuti mafilimu oopsa ndimawadziwa ambiri kuposa iye, ena mpaka pamtima, koma palibe ngakhale imodzi imene ndinaiona ndi maso anga. Onse ndinawamva kwa Amina.